Rege Yokokera Khoka

Nkhani iyi ndinaimva koyamba kwa mayi Jenifer, amene amagula nsomba padoko n'kukagulitsa ku Lilongwe, tsiku lomwe lole yathu inatitimira m'matope pochokera ku Lifuwu. Tinakhala pamadengu awo maola atatu kudikira thirakitala, ndipo poti ine ndine munthu wosakhazikika, woyenda makutu ali tcheru, ndinawasiya alankhule. Ndikuipereka monga anandipatsira, kupatula apo ndi apo pomwe ndinakafunsako ena.

Kumpoto kwa Senga Bay kuli kadoko kena komwe Che Mustapha ali ndi khoka. Kwa inu okulira kumtunda, khoka ndi ukonde wautali umene amakauponya ndi bwato mokhota ngati uta, n'kusiya zingwe ziwiri pamchenga, china uku china uko, motalikirana moti wa chingwe chino sangamve zomwe akunena wa chinacho. Magulu awiri amakoka zingwezo chobwerera m'mbuyo. Chinsinsi chake n'chimodzi basi: mbali ziwirizo zikoke mofanana, ndiponso mosapupuluma. Ena akatsogola, thumba la pakati limapendekeka, nsomba n'kuthawira kumbali yokhwefukayo. Onse akathamanga, chingwe chapansi cha miyala chimanyamuka, nsomba n'kudutsa kunsi ngati zikutuluka pakhomo pa kwawo.

Eni makoka ena amaimika munthu pakati woti azikuwa ndi kukupiza nsalu. Che Mustapha ankaimika wailesi.

Inali wailesi yakalekale ya kaseti, yolumikiza ku batire la galimoto, ndipo ankaikhazika pabwato lakutha lovundikira pakati pa zingwe ziwirizo. Kaseti yake inali imodzi yokha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri: chimbale cha rege chotchedwa Mchenga Wotentha, cha gulu la Nyanga za Mwera, anyamata asanu amene anajambula chimbale chimodzi chomwecho n'kubalalika. Ng'oma yaikulu ikati du, phazi limodzi m'mbuyo. Ikatinso du, linalo. Mbali yoyamba ikatha wailesi inkati kha, ndipo aliyense ankaima, kumwa madzi, magulu awiriwo n'kusendera moyandikana pamene Che Mustapha akutembenuza kaseti. Pofika nyimbo yomaliza ya mbali yachiwiri, thumba linkakhala lili pamchenga.

Shehe wa pamzikiti anawafunsapo tsiku lina. “Che Mustapha, nyimbo za anthu osapesa tsitsi zikukupindulirani chiyani?”

“Shehe, ine sindivina,” anayankha. “Ndimakokera.”

Kasetiyo inaduka kangapo, ndipo nthawi zonse ankailumikiza ndi kyutekisi wa akazi awo n'kuipota ndi bolopeni. Nyimbo yachitatu inali ndi malo amene woyimba ankadumpha mawu pakati pa mzere, poti pamenepo anadulapo kachidutswa. Koma mu Disembala wina, nyanja ili yotseka kuti nsomba ziswane, iwo akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, wailesi ija inayamba kulira ngati mbuzi yotsamwa. Pomwe ankaitsegula n'kuti riboni yonse itatafunidwa, kwina itanyenyeka ngati fodya. Chomwe anapulumutsa chinali kachidutswa kotalika ngati bwato. Anakakulunga pachala, n'kukaika m'kachitini ka mafuta odzola.

Kunali kutatsala sabata imodzi kuti nyanja itsegulidwe. Anthu makumi awiri ndi anayi ankadya za khoka limenelo, ndipo palibe mmodzi yemwe mwa iwo amene anakokapo popanda nyimbozo.

Mawa lake Che Mustapha anakwera njinga kupita ku Salima, kwa Lawson, mwini kashopu kobenera nyimbo pafupi ndi depoti, munthu wamimba ndithu, wolankhula mosapumira.

“Mchenga Wotentha?” anatero Lawson. “Madala, mwadzuka ndi mwayi. Chatulukanso mwezi wathawu. Rimasta.”

“Sindikufuna chatsopano. Ndikufuna chomwe chija.”

“N'chomwecho, koma chochapa. Mwana wa malemu woyimba uja anapeza tepi yeniyeni ya ku situdiyo m'sutikesi ya bambo ake. Akatswiri aichotsa phokoso lonse lija la ngati mvula pamalata. Taonani.” Anatulutsa chimbale chonyezimira, chokhala ndi kabuku ka zithunzi m'kati. Mtengo wake unali wofanana ndi beseni la utaka pa tsiku labwino.

“Ingondibenerani pa memole.”

“Ichi chokha ayi. Zina zonse ndimabena, Mulungu andikhululukire, koma mwana wamasiye ameneyu ndinamulonjeza. Mugula chenicheni, kenako ndikuikirani pa memole kuti chiziimba pa sipika. Khalani apo mumve kaye.”

Che Mustapha anakhala pabenchi. Nyimbo inayamba. Besi inkamveka m'nthiti. Kumbuyo kunali maseche amene sanawamvepo chiyambire, ndi mawu a mkazi wothandizira amene sankadziwa n'komwe kuti analipo. Ankamva ngakhale woyimba akukoka mpweya. Koma phazi lawo, limene linayamba lokha kugunda pansi, linkafika mochedwa. Ng'oma inkati du, ilo lili m'malere.

“Akuthamangira kuti?”

“Ndani?”

“Anyamatawa. Ngati akuwapirikitsa agalu. Ndipo woyimbayu anali ndi mawu a nkhunzi, lero wasanduka tonde. Wallahi, akatswiri anuwo aiwononga.”

Lawson anaseka mpaka mimba kugwedezeka. “Makutu anu ndiwo atopa, madala. Palibe wathamanga apa.”

“Sindigula chinthu chimene mapazi anga akuchikana.”

Anakangana mpaka anagwirizana chonchi: tsiku lotsegulira nyanja Lawson abwere padoko ndi sipika yake yaikulu ndi chimbalecho. Khoka likatuluka bwino, Che Mustapha agula. Lawson anavomera msanga, poganiza kuti padoko pali makutu ambiri, komanso munthu sabwerako wopanda ndiwo.

Tsikulo linafika. Mvula inali itakata usiku, nyanja ili bata, ndipo pomwe dzuwa linkatuluka n'kuti bwato litaponya kale ukonde. Padokopo anthu ankakoka ndi anzawo ocheza nawo, kotero chingwe chakumanzere chinali cha achikulire, otsogozedwa ndi a Chrispin, mkulu wamutu woyera amene anayamba ndi Che Mustapha khoka likadali latsopano. Chakumanja chinali cha amuna achinyamata, otsogozedwa ndi Mohamed, mwana wa mlongo wawo wa Che Mustapha, bambo wa ana atatu wamapewa ngati chitseko. Kugawana kotereku sikunavutepo, chifukwa kaseti inkawayeza onse ndi muyeso umodzi.

Lawson anadina. Nyimbo inalindima padoko ponse, yoyera ngati madzi a pampopi, amayi ogula nsomba mpaka kululutira. Gulu la Mohamed linatsata ng'oma monga linkaimvera. Koma achikulire sankamvera ndi makutu. Nyimbozo zinali zitawalowa m'mawondo kalekale, ndipo miyendo yawo inkayenda pa liwiro lomwe inalidziwa. Che Mustapha ataima pabwato lija anaona zigubu zoyandamitsa ukonde zikuyamba kukhotera kumanja.

“A Chrispin, fulumirani! Mohamed, bweza!”

Mawu awo anamizidwa ndi sipika. Ndiye inatha nyimbo yachinayi, pamene kaseti inkati kha. Achikulire onse anaima nji, wina n'kuyamba kale kufunafuna chigubu cha madzi. Koma chimbale chilibe mbali yachiwiri yoti munthu atembenuze. Nyimbo yachisanu inangolowa pomwepo, gulu la Mohamed n'kumapitirira nayo. Ukonde unapotoka, chingwe chapansi chinanyamuka, ndipo anthu onse padoko anaona madzi akuthwanima kumanzere pamene nsomba zinkatuluka mwaunyinji. Mayi Jenifer akuti anangokhala pansi pabeseni lawo. Thumba litafika, munali nsomba zosakwana ndiwo za mabanja awiri, ndi nkhanu zitatu.

Mohamed anaponya chingwe pamchenga. “Amalume, nyimbo ilibe mlandu. Vuto ndi mawondo a agogo awa. Ikani anyamata mbali zonse ziwiri, tizikoka kawiri pomwe tinkakoka kamodzi. Apo ayi, a mabwato a injini akutiitana tsiku ndi tsiku.”

“Iwe,” anatero a Chrispin akupuma movutikira, “ine ndinagwira chingwe ichi amayi ako asanadziwe dzina la bambo ako.”

“N'chifukwa chake mukuyenera kukapuma, agogo.”

“Ukapume ndiwe, wakoka ngati ukuba mbuzi!”

Che Mustapha anakweza dzanja. Ankadziwa kuti kuchotsa achikulire n'kuwalanda chakudya anthu khumi ndi awiri amene palibe wa injini angawalembe ntchito. Ankadziwanso kuti achinyamata akapita, khoka silingatuluke m'madzi.

“Palibe amene achoke pano,” anatero. “Mundipatse masiku atatu. Lachinayi m'mawa aliyense pachingwe chake.”

Atabalalika anthu, anamuuza Lawson kuti awawerengere kabuku ka m'chimbale kaja, poti zilembo zake zinali zazing'ono. Munalembedwa kuti mwa asanu aja wotsala ndi mmodzi, a Steven, woyimba ng'oma, ndipo akulima m'mudzi wina kufupi ndi malo osungirako nyama a Kuti.

“Ameneyo ndiye akandiuze kuti aithamangitsa,” anatero Che Mustapha. “Ndikabwera naye kuno ngati n'kofunika, adzakuuzeni pamaso.”

Mawa lake, atangoswali pemphero la m'mawa, ananyamuka. Msewu unali woterera, pena ankachita kuinyamula njinga paphewa, ndipo anafunsa njira kanayi. Ankayembekeza kupeza munthu wa tsitsi lofika m'chiuno. Amene anawalozera anali mkulu wadazi, wovala jekete yakutha ya kwaya ya mpingo, akubandira chimanga.

Atalonjerana, Che Mustapha anafotokoza kuti abwera ndi dandaulo: chimbale chawo achiwononga, achithamangitsa.

“Taimbani momwe mukuidziwira,” anatero a Steven.

Che Mustapha anakonza kukhosi, n'kuyamba nyimbo yoyamba, akugunda phazi pamzere. A Steven anamvetsera atatsamira khasu, nkhope ikukwinyika pang'onopang'ono.

“Achimwene, kodi kwagwa maliro? Nyimbo imeneyo ndi iyi.” Anatembenuza ndowa yomwe anabweretsera madzi, n'kuyamba kuimenya ndi manja. Zala zokakala ndi khasu zija zinkauluka. Linali liwiro lomwe lija la m'shopu ya Lawson, osachepa osapitirira.

A Steven anasiya kumenya ndowa, n'kuwafunsa.

“Kaseti yanuyo munaigula kuti?”

“Sindinagule. Ndinajambula kwa dalaivala wina wa lole amene ankabwera kudzatenga nsomba. Tinaika kawailesi kake kuyang'anizana ndi yanga, n'kuzifunditsa bulangete kuti nkhuku zisalowemo.”

“Yanu inkayendera chiyani?”

“Batire la galimoto.”

“Nanga yake?”

Che Mustapha anakumbukira. “Mabatire ang'onoang'ono. Anali atatopa. Tinachita kuwayanika padzuwa kaye, ena kuwaluma.”

A Steven anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi pakati pa mizere, misozi ili mbwembwembwe. “Ambuye wanga! Kawailesi kake kankakoka riboni mofooka, yanu n'kumajambula kufookako mwamphamvu. Zaka zonsezi mwakhala mukumvera mabatire akufa!”

Che Mustapha anachita manyazi. Anakumbukira anthu onse amene anakangana nawo m'moyo, kuwauza kuti rege yeniyeni imayenda ngati ng'ombe yokhuta. “Ndiye kuti chatsopanochi ndicho cholondola.”

“Ndicho. Sindingakunamizeni kuti mubwerere mukusangalala. Tinali anyamata anjala, situdiyo anatipatsa tsiku limodzi, ndipo ine ndinkamenya ngati mawa kulibe. Amene achichapawa sanawonjezere kanthu. Ndinalira nditachimva. Koma inu chakuvutani n'chiyani? Kuvina?”

Anawafotokozera za zingwe ziwiri, za phazi limodzi pa ng'oma imodzi, za kupuma potembenuza kaseti, za achikulire khumi ndi awiri. A Steven anasiya kuseka. 

“Ife tinkati tikuimbira ufulu wa munthu wakuda,” anatero. “Kani tinkakoka utaka.”

Che Mustapha sanaseke. Maso awo anali pandowa, koma mutu unali kwina. Nyimbo yolondola inali yolakwika pa khoka, ndipo khoka silidziwa za situdiyo. Ngati mabatire awiri olumidwa anatha kufooketsa anyamata asanu, munthu wokhala ndi kompyuta angalephere bwanji?

“A Steven, ndikagula chimbalechi n'kukachifooketsa dala, mudzandiimba mlandu?”

“Munthu akagula nsalu, telala amadula momwe mwini wafunira. Koma mugule kaye, mwana wa mnzanga adyepo. Ndipo musadzauze munthu kuti ine ndinkamenya ng'oma ngati wodwala malungo.”

Lachitatu m'mawa Lawson anapeza Che Mustapha atakhala kale pakhonde la shopu, wailesi yakale ija atamanga pakaliyala, chingwe chakhoka chili paphewa. Asanalonjerane n'komwe bwino, anaika ndalama patebulo.

“Chimbale chija.”

“Ehe! Mwaona kuwala, madala.”

“Tsopano n'changa?”

“N'chanu, ndi kabuku komwe.”

“Chifooketseni.”

Lawson atamva zonse anagwira m'mutu. “Anthu atha miyezi akuchapa chinthu, inu mukuti ndichipakenso matope? Madala, ine ndili ndi mbiri m'tauni muno.”

“Sindikuti mubwezeremo mvula ija. Maseche akhale, mayi wothandizira uja akhale. Liwiro lokha.”

“Nditsitse ndi zingati? Kompyuta imafuna nambala.”

“Nambala ili m'miyendo muno.”

Koma kuyenda chobwerera wopanda chokoka si kukoka, miyendo imanama. Choncho Che Mustapha anakapempha ngolo ya m'manja kwa wogulitsa simenti woyandikana nawo, anaikamo matumba anayi, anamangako chingwe, mbali ina n'kuikulunga m'chiuno monga amachitira padoko. Lawson anatulutsa sipika pakhonde. Ndiye mkulu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, wa kofia yoyera ndi ndevu zaimvi, anayamba kukoka simenti chobwerera m'mbuyo mumsewu wa kudepoti, rege ikulindima.

Akabaza anasiya kuitanira anthu.

“Madala, nyanja ili uko!”

“Mwagwira chambo zingati, bwana?”

“Musiyeni, ndi masewera a shuga amenewo, adokotala anamuuza.”

Che Mustapha sanawayang'ane. Anatseka maso pang'ono, kuti aone zigubu zoyandama m'malo mwa maminibasi. “Tsitsani,” anakuwa. Lawson anatsitsa. “Tsitsanibe.” Mawu a woyimba anayamba kunenepa. “Mwapyola, uku n'kukoka mtembo. Kwezani pang'ono.” Akafika pa sitolo ya mankhwala ankabweza ngolo n'kuyambiranso. Thukuta linanyowetsa malaya mpaka m'chiuno. Nthawi ya swala ya masana anamasula chingwe, anapita kumzikiti, anabwerako n'kudzimanganso. Pofika apo akabaza ena anali atayamba kuwerengera nawo mapazi, wina n'kumawathamangitsira magalimoto kumbuyo kuti asawagunde.

Dzuwa litapendeka pang'ono, Lawson anagwedeza kamodzinso kachinthu kosinthira liwiro pa kompyuta, ndipo phazi ndi ng'oma zinagwera pamodzi. Du. Linalo, du. Che Mustapha anayenda mapazi makumi atatu osalankhula, ndipo nkhunzi ija inali itabwerera m'mawu a woyimba.

“Pomwepo. Musakhudzenso.”

Kunatsala kupuma. Anakhazika wailesi yakale patebulo, n'kuuza Lawson ajambule kulira kwa batani lake, kha, aike pakutha pa nyimbo yachinayi. Kenako anachita ngati akutsegula, kutulutsa kaseti, kuiuzira fumbi kawiri, kuitembenuza, kumwa kapu ya madzi osafulumira, n'kutseka. Lawson anayeza nthawiyo ndi wotchi ya pafoni, n'kuikamo chete wotalika chomwecho.

“Nanga pomwe inkadumpha paja, m'nyimbo yachitatu?” anafunsa Lawson, amene tsopano anali atalowa nazo mtima. “Ndidulenso?”

Che Mustapha anaganiza. Mzere umenewo anali atangoumva wathunthu koyamba patapita zaka khumi.

“Apo pokha musiyeni amalize. Ndamudula pakamwa mokwanira.”

Lachinayi m'mawa anthu anabwera onse, koma Mohamed anafika manja ali m'thumba.

“Amalume, lero zikakanika musadzati sindinanene.”

“Wanena. Gwira chingwe.”

Bwato litaponya, Che Mustapha anakwera pabwato lovundikira lija, anati Bismillah chamumtima, n'kudina sipika ya Lawson ija. Besi inatuluka yolemera, yosafulumira, koma yoyera, maseche akumveka mpaka kumabango. Kumanzere a Chrispin anakuwa, “Wabwera mwini wake!” ndipo achikulire anagwa m'mbuyo onse pamodzi ngati munthu mmodzi. Kumanja achinyamata anayamba ndi kupupuluma mapazi awiri atatu, koma nawonso anakulira pa liwiro lomwelo, ndipo miyendo yawo inalizindikira. Zigubu zinkabwera zitakhota bwino ngati mwezi watsopano. Nyimbo yachinayi itatha sipika inati kha, ndipo anthu makumi awiri ndi anayi anaima nthawi imodzi. Ena anaseka poona Che Mustapha ataima manja ali lende, alibe choti atembenuze.

Thumba linafika pakati penipeni nyimbo yomaliza isanathe. Sizinali nsomba zoti anthu n'kuzisimba zaka, koma zinali nsomba za tsiku labwino. Mayi Jenifer anadzaza mabeseni awiri. Pogawana, Mohamed anatenga gawo lake, anaima pang'ono, n'kukankhira chambo chimodzi chachikulu ku mulu wa a Chrispin ndi phazi, osawayang'ana.

“Mawa nthawi yomweyi, amalume?”

“Insha Allah.”

Anthu akamawafunsa Che Mustapha ngati chimbale chochapacho n'choyenera kugula, akuti amayankha kuti n'choyenera, ndipo iwo anagula chimodzi n'kupeza ziwiri. Lawson anawaikira zonse pa memole: chofooka cha padoko, ndi chenicheni chija. Chenichenicho amachimvera kunyumba Lachisanu akabwera ku mapemphero a Jumwa, koma atakhala pamkeka, miyendo atapinda n'kuikhalira, kuopa kuti ingaphunzire.

Mayi Jenifer anamaliza ndi ichi, thirakitala ikumveka kale patali. Akuti patapita masiku, Lawson anapempha kachidutswa ka riboni kaja ka m'chitini, anakalumikiza m'kaseti ina, n'kukaimbitsa pamodzi ndi chofooketsa chija. Akuti ng'oma ziwirizo zinagwera pamodzi kuyambira poyamba mpaka pomwe kachidutswako kanathera, osasiyana ngakhale pang'ono.

Ine ndinapitako padokopo mwezi wa Juni, koma ndinapeza mwera ukuwomba, palibe amene anaponya, ndipo Che Mustapha anali atapita ku ukwati ku Nkhotakota. Za ngolo ya simenti ndikukhulupirira, chifukwa akabaza atatu a padepoti anandiuza mosiyana nthawi, wina mpaka kundionetsa mayendedwe ake. Koma zoti miyendo ya munthu wokoka simenti pamsewu inapeza liwiro la mabatire akufa ndendende, osaphonya ngakhale ng'oma imodzi, zimenezo ndikukayika. Ndikuganiza kuti pamenepo Lawson kapena mayi Jenifer anathirapo mchere.